Januwale uno tiyeni tisamale mutu wathu, tizinthu ting'onoting'ono tomwe tandithandiza kuno ku Mzuzu

Chaka chatha nthawi ngati yomwe ino ndinkadzidzimuka 2 koloko usiku pafupifupi daily. Sikuti kunali phokoso ayi, kuno ku Chibavi mvula ikamawaza pa malata munthu umayenera kugona tulo tabwino, koma ine maso ali gwa, kuwerengera ndalama mumdima. Fizi ya ana awiri, lendi ya Disembala yomwe inali isanathe, feteleza wobereketsa yemwe amayi kumudzi ku Dowa ankadikira kuti nditumize ndalama yake, ngongole ya ku banki nkhonde, ndikafika kumapeto nkuyambiranso poyambirira ngati kuti mwina ulendo uno masamu atuluka mosiyana. Kukacha ndimapita ku ntchito mutu ukulemera, mwana akangotaya tiyi pang'ono ndamukalipira kale, kenako tsiku lonse mtima ukundipweteka kuti ndamukalipiriranji.

Ndinkangoti ndi Januwale basi, aliyense akulira. Ndipo zoona mwezi uno ndi wolemera, ndalama zinathera pa Khrisimasi, chimanga chakwera, kumunda kukufunika aganyu opalira, dzuwa limatha kusowa masiku atatu zovala osauma. Koma kusowa ndalama ndi kwina, kudwala nako kusowako ndi kwinanso. Zomwe ndikulemba panozi siziika kwacha mthumba mwanu, ndinene poyera. Zimangothandiza kuti mutu uzigwira pamene mukuzifunafuna ndalamazo, ndipo chomwe ndaona ine nchakuti nkhawa imanenepa ikakhala mumdima, uli wekha, usanaitchule kuti ndi chakuti. Nde pafupifupi zonse ndinene apa ndi njira zoitulutsira panja.

Musatenge zonse nthawi imodzi chonde. Usiku wa pa 31 Disembala timalonjeza zambiri, chaka chino ndimanga nyumba, ndisiya mowa, ndiyamba kuthamanga, ndizisunga ndalama, pofika pakati pa Febuluwale zonse zagwa ndipo tayamba kudziona olephera, komwe ndi kuwonjezeranso katundu wina pamutu. Sankhani ziwiri zokha. Muzimangirire ku chinthu chomwe mumachita kale tsiku lililonse, monga kudya nsima yamadzulo kapena ulendo wa ku ntchito, kuti musamachite kukumbukira.

Yambani ndi kope

Ichi ndi chomwe chinandithandiza kuposa zonse nde ndikhalapo pang'ono. Pezani kope wamba la ana asukulu ndi bolopeni. Madzulo mukatha kudya, musanapite kuchipinda, khalani pansi mphindi 15. Osati pa bedi, bedi lisakhale ofesi ya mavuto. Tsambalo lijambuleni mzere pakati. Kumanzere lembani chomwe chikukusowetsani mtendere, ndipo mulembe chenichenicho, osangoti "mavuto a ndalama" ayi, lembani kuti "fizi ya mwana wamkulu, yatsala K60,000". Kumanja lembani kanthu kamodzi kokha komwe mungachite mawa pa nkhaniyo, monga "kupita kwa a hedi 8 koloko kukapempha kulipira kawiri". Kamodzi basi, ndipo kakhale koti mukhoza kukachitadi.

Zina mupeza kuti kumanja kulibe cholemba. Mtengo wa mafuta, matenda a agogo omwe madokotala akuwaona kale, zomwe apongozi amakuganizirani. Pamenepo ikani kamzere kenako pitirirani. Kamzereko ndi yankho ndithu, mukuvomereza kuti ichi sichili mmanja mwanga usiku uno.

Chimachitika nchakuti bongo umabwerezabwereza chinthu chomwe ukuopa kuti uiwala kapena chomwe sichinathe. Mukachilemba ndi pochiyambira pake, umapepukidwa. Ndipo mukadzidzimuka usiku maganizo aja nkuyamba kubwera, muli ndi chowayankha, mumangoti zalembedwa kale, tikumana mmawa. Masiku oyamba samvera, amabwerabe. Pitirizani, ine zinanditengera pafupifupi masabata awiri.

Tsiku loyamba lomwe ndinalemba ngongole zanga zonse pa tsamba limodzi manja ankanjenjemera, ndinali ndisanaziwonkhetsepo chifukwa cha mantha. Nambala inatuluka yaikulu, sindinama. Koma inali ndi pothera. Mumdima muja ngongole inalibe malire, inkangokhala ngati chifunga cha mmawa chomwe chimaphimba mapiri a Kaning'ina, koma papepala inali nambala yoti nkuigawa pa miyezi. Ndipo pa nkhani ya ngongoleyi, yambani ndinu kupita kwa mwini ndalama tsiku lisanakwane. Kuthawa foni yake ndi kuzemba njira ya kunyumba kwake kumadya munthu kuposa ngongoleyo. Kukatenga katapila kuti mutseke ngongole ina ndiye ayi, mukukumba dzenje lalikulu kuti mukwirire laling'ono.

Tulo

Munthu wamkulu amafunika kugona maola 7 mpaka 9. Ambirife timaona ngati tulo ndi chinthu chotsalira, chomwe timachipatsa nthawi zina zonse zikatha, koma yesani kuona tsiku lomwe mwagona maola anayi mmene kanthu kakang'ono kamakupsetserani mtima. Vuto lomwelo mukaliona mutagona bwino limakhala la saizi ina.

Chofunika kwambiri si nthawi yogona koma yodzuka. Sankhani nthawi imodzi, kaya 5 koloko kaya hafu pasiti faifi, muzidzuka yomweyo olo Loweruka, olo usikuwo munagona mochedwa. Thupi lili ndi wotchi yake ndipo imatcheredwa ndi kuwala kwa mmawa, nde mukadzuka tulukani panja, sesani pabwalo, tsukani mkamwa muli panja, mphindi 10 zokha. Olo kuli mitambo ngati mmene kumakhalira kuno nyengo ino, kuwala kwa panja kumaposa kwa mnyumba kutali. Mukatero kwa sabata imodzi kapena ziwiri, tulo timayamba kubwera tokha nthawi yake madzulo.

Foni isagone nanu. Ndikudziwa ambiri alamu yathu ili pa foni pomwepo, palibe vuto, iikeni pa mpando kapena pa sutikesi kutali ndi bedi koti mpaka mudzuke kuti muifikire. Vuto la foni pa pilo ndi loti mumati ndingoona nthawi, kenako mwaona meseji ya pa gulu la kubanja yokhudza chopereka cha chinkhoswe, tulo tathawa. Kukatsala ola limodzi kuti mugone isiyeni.

Mukakhala pa bedi mphindi ngati 20 tulo osabwera, musalimbane nato. Dzukani, khalani pa mpando ndi kuwala kochepa, werengani Baibulo, Korani kapena buku lililonse losautsa mtima, maso akayamba kulemera bwererani. Cholinga nchakuti thupi lizolowere kuti pa bedi ndi pogona, si potembenukatembenuka. Masana ngati mwatopa gonani pang'ono, mphindi 20 kapena 30, koma isapitirire 3 koloko. Anzathu ogwira ntchito usiku, alonda, anamwino, oyendetsa mabasi a usiku opita ku Lilongwe ndi Blantyre, inu tchingani windo ndi nsalu yakuda ndipo apabanja adziwe kuti maola amenewo si otumana. Neti musaiwale, nyengo ino udzudzu wachuluka ndipo malungo nawo amafooketsa mpaka maganizo.

Za khofi. Ife a ku Mzuzu timanyadira khofi wathu ndipo ndi wabwinodi, koma kafini amakhalitsa mthupi, pakatha maola pafupifupi 5 theka lake limakhala likadalimo. Kapu ya 4 koloko madzulo ikugwirabe ntchito nthawi yogona. Tiyi wamasamba wowirira, Coca-Cola ndi zakumwa zopatsa mphamvu zija anyamata amakonda, zonsezo ndi gulu limodzi. Imwani mmawa, madzulo wiritsani mandimu kapena jinja.

Mowa nawo umanamiza. Umakugonetsa msanga inde, koma tulo take ndi todukaduka, umadzuka mbandakucha mtima ukugunda, nkhawa ya dzulo ili pompo ndipo yabwera ndi inzake ya ndalama zomwe wamwera. Ngati mwaona kuti simungagone osalawa, kapena mmawa manja akunjenjemera mpaka mutamwako, pamenepo si nkhani yongolimba mtima ayi, ndipo kusiya mwadzidzidzi panokha kutha kukhala koopsa, pitani kuchipatala akuthandizeni kusiya bwinobwino. Chamba ndiye achinyamata ndikupempheni, kwa anthu ena chimautsa matenda a misala enieni ndipo palibe amadziwiratu kuti iye ali mgulu liti.

Yendani pansi

A bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata. Zikumveka zambiri koma ndi mphindi 30 masiku asanu basi, ndipo sizifuna jimu kapena nsapato zodula. Kuyenda ndawala koti mpweya ukukwera pang'ono koma mukutha kulankhula, kwakwana.

Ine ndinangosiya kukwera sacramento, njinga za kabaza zija, popita ku ntchito mmawa. Kuchoka kunyumba kukafika mtauni ndi pafupifupi theka la ola kutengera matope, nsapato za ku ntchito ndimaika mchikwama, kumapazi magambutsi, ambulera mmanja. Masiku oyamba ndinkangoona kutalika kwa njira. Kenako ndinayamba kuona zina, amayi omwe amayala nthochi ndi mapeyala pa kona pomwe tsopano timapatsana moni, iwo amati monire ine nkuyankha Chitumbuka changa chophunzira ukulu, ana a yunifolomu atafunda pepala la pulasitiki limodzi atatu, fungo la dothi lonyowa. Ndimafika ku ntchito mutu utapepuka, ndipo nkhani yomwe ndinachoka nayo kunyumba itanditsamwa ndimapeza kuti penapake mnjira yachepa. Poyenda foni ikhale mchikwama, mukamayenda maso ali pa foni ndiye kuti thupi lokha ndi lomwe latuluka panja.

Okhala kutali, ku Luwinga, Zolozolo, Mchengautuwa, tsikani siteji imodzi musanafike nkumalizitsa wapansi. Kupalira kumunda kumawerengedwa, kuchapa, kutunga madzi, mpira wa Loweruka, ntchemberembaye, kuvina ku kwaya, zonsezo. Ndipo mukapeza mnzanu woyenda naye ndiye bwino kwambiri poti tsiku lomwe mwagwa ulesi iye amagogoda.

Koma apa ndisiyanitse. Wina amapalasa njinga tsiku lonse ma hilu a mu Mzuzu muno atanyamula munthu kumbuyo, wina amasenza matumba ku msika wa Zigwagwa, mayi wina wayenda ndi beseni la tomato kuyambira mmawa. Ameneyo kumuuza kuti aziyenda mphindi 30 nkumulakwira. Chomwe akusowa iye ndi kupuma, tsiku limodzi pa sabata kapena theka lake loti thupi likhale pansi popanda kudziimba mlandu.

Zakudya sindichulutsa. Musachoke mmimba muli pululu, olo phala, mbatata kapena chinangwa chophika, poti njala imabweretsa ukali ndi kunjenjemera komwe kumafanana ndi nkhawa. Nyengo ino masamba ali mbwee, nkhwani, bonongwe, chisoso, bowa wa ku Chikangawa, usipa wa ku Nkhata Bay, nyemba. Madzi imwani olo kukuzizira.

Foni ndi mitima yathu

Januwale pa Facebook ndi pa sitetasi ya WhatsApp aliyense zake zikuyenda. Wina waika makiyi a galimoto, wina maziko a nyumba, wina ali pa ndege. Palibe amaika chithunzi cha kalata ya landilodi. Nde iwe uli pa mphasa magetsi atathima ukuyerekeza moyo wako wonse ndi kachidutswa kabwino kokhakokha ka moyo wa mnzako, mtima ungakhale bwanji mmalo? Chitani izi lero lomwe, onani anthu ndi mapeji omwe mukatha kuwaona mumadzimva wochepa kapena wokwiya, abiseni. Simukudana nawo, mukungotseka windo lomwe likulowetsa mphepo. Magulu a WhatsApp omwe ntchito yake ndi kutumiza zithunzi za ngozi ndi mikangano ya ndale atsekeni pakamwa kapena tulukanimo. Nkhani mverani kamodzi kapena kawiri pa tsiku pa wailesi, zakwana.

Ndipo kubetcha. Ndikudziwa mmene kumayambira, uli ndi K2,000, ikufunika K20,000, ukuti mwina. Masewerawa anapangidwa kuti pamapeto pake mwini wake ndi amene apindule, ndipo ukaluza mtima umakuuza kuti bwezeretsa, apo ndi pomwe dzenje limayambira. Ngati mwayamba kubisira akunyumba ndalama zomwe mwabetcha, kapena kubwereka kuti mubetche, chotsani ma apu amenewo, ndalama ya lendi ndi fizi muzipereka tsiku lomwe mwailandira kapena asunge munthu wina, ndipo muuzeko munthu mmodzi.

Kuphunzira kunena kuti apa sindikwanitsa

Iyi ndi yovuta kwa ife, ndikudziwa. Ukakhala mtauni kumudzi amaona ngati ndalama umachita kutola. Foni ikalira nambala ya kumudzi mtima umayamba wagunda usanayankhe. Ndipo sikuti iwo ndi oipa, akuvutikadi, miyezi ino ndi ya njala, ndipo enawo ndi omwe anatilipirira sukulu. Ine sindikunena kuti tisiye kuthandiza abale, umenewo si umunthu wathu. Koma kulonjeza chomwe ulibe chifukwa cha manyazi, kenako nkumathimitsa foni sabata yathunthu, kumapweteka mbali zonse ziwiri.

Chomwe ndinaphunzira ndi kutchula nambala ndi tsiku. Mwezi ukamayamba ndimalemba mu kope muja kuti ya kumudzi mwezi uno ndi yakuti, ikatha yatha. Amalume akaimba ndimati, "Amalume, ndamva ndithu, koma zonsezo mwezi uno sindikwanitsa. Pa 28 nditumiza K10,000 ya mankhwalayo, zinazo tione mwezi wa mawa." Koyamba mawu ankachita kukakamira pakhosi. Anadandaula pang'ono, koma pa 28 ndalama inafika monga ndinanenera, ndipo pano amandikhulupirira kuposa nthawi yomwe ndinkangoti chabwino chabwino kenako zii. Za maukwati, ma bridal shower ndi mayunifolomu a zinkhoswe, simungapezeke ponse, sankhani. Maliro ndi matenda ndi zina, kumeneko timapita olo chimanjamanja, kukhalapo kwako nkokwanira.

Mtima ukathamanga mwadzidzidzi

Nthawi zina zimangobwera, uli mu minibasi kapena pa mzere ku banki, mtima gugugu, mpweya ukuchepa, manja thukuta. Kokani mpweya ndi mphuno pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 4, mimba ifufume osati chifuwa chokha, kenako tulutsani ndi pakamwa mofatsa mukuwerenga mpaka 6. Kutulutsako kukhale kotalika kuposa kukoka, ndi komwe kumauza thupi kuti palibe chikukuthamangitsa. Bwerezani kwa mphindi ziwiri zitatu. Muziyeserera muli bwinobwino, monga podikira madzi a tiyi kuti awire, kuti tsiku lovutalo thupi lidzakhale likuidziwa kale njira. Koma ngati ndi koyamba kumva kupweteka pachifuwa kapena kubanika, kayezetseni kaye, musangoti ndi maganizo. BP, shuga ndi kuchepa kwa magazi nazo zimatha kubwera ndi zizindikiro zofanana.

Munthu mmodzi wouza zoona

Mutu umodzi susenza denga, timanena tonse, koma tikafunsidwa kuti muli bwanji timati tili bwino kaya inu, olo mkati mukuyaka moto. Simukufunika anthu khumi. Mmodzi yekha wosunga pakamwa, kaya mchemwali, mnzanu wa ku kwaya, abusa, shehe, ankhoswe. Mupangane tsiku, olo Lachitatu lililonse kuimbirana mphindi 10, osadikira kuti zinthu zifike poipa.

Ndipo inunso khalani munthu ameneyo kwa wina. Mlamu wanga, mng'ono wawo wa bambo a kunyumba, amapalasa sacramento. Ndi mnyamata wanthabwala, Lamulungu lililonse ankabwera kudzadya nafe, ana akangomva belu la njinga amathamangira ku geti. Chaka chatha chomwecho anangosiya kubwera. Sabata yoyamba tinati watanganidwa, yachitatu ndinapita komwe amachita lendi. Ndinamupeza pakhonde akumata chubu, wachiviika mu beseni la madzi akufufuza pomwe pakutuluka thovu, nkhope yagwa, tsitsi losapesa. Ndinakhala pa njerwa pambali pake.

"Alamu, mwasowatu. Ana akukufunsani."

"Ndilipo alamu, zili bho, ntchito basi."

Ndinamugwirira chubu kuti apake guluu. Sindinamuyang'ane kumaso. Patapita kanthawi ndinati, "Ine ndafunsa zenizeni alamu. Usiku mukugona?"

Anakhala chete nthawi yaitali, chala chili pa chigamba. Kenako anayamba kulankhula maso ali mu beseni. Njinga si yake, mwini wake amafuna yake tsiku lililonse olo kugwe mvula, anatsalira masiku angapo, anayesa kubetcha kuti abweze, zinapita zonse ndi za lendi zomwe, anabwereka kwina, ndipo ankachita manyazi kukumana ndi achimwene ake. Anati masiku ena amangofuna atagona osadzukanso.

Ndaona kuti abambo ambiri salankhula mukawakhazika pansi maso ndi maso kuti tiye tikambirane. Amamasuka manja akugwira kanthu, pa bawo, pokonza njinga, poyenda, pobwera ku mpira. Nde ngati pali mchimwene, mwamuna kapena mnzanu yemwe wasintha, wasiya kubwera pagulu, wayamba kumwa kwambiri, sakudzisamala, pitani komwe ali mukagwire naye chomwe akuchita. Funsani za tulo ndi chakudya, nzosavuta kuyankha kusiyana ndi "chikukuvuta nchani". Akayamba kulankhula musamudule ndi malangizo. Mawu ngati limba mtima ndiwe mwamuna, ena akuvutika kuposa iwe, ukuchepa chikhulupiriro, amatseka pakamwa pa munthu ndipo sadzatsegulanso. Apolisi akamalengeza za anthu omwe adzipha mdziko muno ambiri amakhala amuna, ndipo nkhani za ngongole ndi za mbanja zimatchulidwa kawirikawiri. Kulimba mtima kwa chete kuja kwatitengera anthu ambiri.

Munthu akanena mawu ngati omwe ananena mlamu wangawo, kapena akuti ndatopa nawo moyo, muzisamalira ana anga, kapena wayamba kugawa katundu wake, mufunseni mosazungulira kuti kodi ukuganiza zodzipha? Ambiri timaopa kuti tikafunsa timupatsa maganizowo, si zoona, kufunsa kumamupatsa mpata wotula. Akavomera musamusiye yekha, chotsani pafupi zinthu zoopsa monga mankhwala a mmunda, uzani wachibale wina wodalirika, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Pomwe tizinthu iti tathera

Pemphero limandigwira ine, sindingabise, ndipo kukhala pakati pa anzako ku tchalitchi kapena ku mzikiti ndi mankhwala paokha. Koma tikadwala malungo timapemphera uku tikumwa LA. Matenda a maganizo nawonso ndi matenda, si kulodzedwa, si ulesi, si tchimo.

Ngati padutsa masabata awiri kapena kuposa muli wokhumudwa pafupifupi tsiku lonse, zomwe munkakonda sizikukomanso, kudya kwasintha, tulo tasokonekera, mukulephera kugwira ntchito kapena kusamala ana, mukudziona wopanda pake, pamenepo kope ndi kuyenda pazokha sizikwanira. Chimodzimodzi mayi yemwe wangobereka kumene ndipo akungolira, sakufuna kumuona mwana kapena akuopa kukhala naye yekha, musamunene kuti ndi mwano, mutengereni ku sikelo akafotokoze. Wina akayamba kumva mawu omwe ena sakuwamva, kukayikira aliyense kuti akufuna kumupha, kapena kukhala masiku osagona akungolankhula, musamumange ndi zingwe kapena kudikira, ameneyo ndi wa kuchipatala msanga.

Ife a ku Mzuzu tili ndi mwayi womwe maboma ambiri alibe. Sitikuyenera kuyenda mpaka ku Zomba Mental Hospital, tili ndi St John of God pompano, omwe akhala akuthandiza za matenda a maganizo kuyambira zaka za mma 1990, ali ndi aphungu opereka uphungu komanso amathandiza omwe akodwa ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Musasokoneze ndi St John's Hospital, ndi malo awiri osiyana. Mukhozanso kuyambira ku Mzuzu Central Hospital kapena pa chipatala chaching'ono chomwe muli nacho pafupi, iwo akuuzani koyenera kupita. Tengani buku lanu la kuchipatala, ndipo mukafika musangoti mutu ukupweteka poti akupatsani panado nkubwerera. Nenani zonse, kuti sindikugona kuyambira mwezi wakuti, ndikuganiza kwambiri, sindikudya, ndi maganizo ena aja ngati alipo. Mukaopa kuti mukaiwala, lembani mu kope muja mukawerenge. Akakupatsani mankhwala dziwani kuti ambiri a mtundu umenewu amatenga masabata angapo kuti muyambe kumva kusintha, nde musataye mtima sabata yoyamba, ndipo mukayamba kupeza bwino musasiye panokha osafunsa adokotala.

Mlamu wanga uja ndinapita naye kuchipatala ndine, achimwene ake anatsala akukambirana ndi mwini njinga za kabwezedwe. Titafika pa geti anaima, akuti alamu anthu andiona ati ndapenga. Tinakhala panja pa kabenchi pafupifupi ola lathunthu kukuwaza kamvula, ine osamukakamiza, mpaka anadzuka yekha nkulowa. Anapitako maulendo angapo kukaonana ndi phungu. Ngongole sanamalize yonse mpaka pano, yatsala pang'ono, amailemba kumapeto kwa kope lomwe ndinamugulira. Lamulungu lapitali belu linalira pa geti ana nkuthamanga, anabwera ndi usipa wa fuleshi mu jumbo, akuti alamu lero muphike kondowole.